Sabata ya 6: khutu la agogo landigonjetsa

Kabuku kanga katsala pang'ono kudzaza. Amene mwangondipeza kumene, ndikulemba nyimbo zathu za kwaya popanda manotsi, pofuna kumvetsa chimene chimachititsa munthu kunena kuti "nyimbo iyi ikufanana ndi ija". Njirayi ndinabwereka kwa Denys Parsons wa ku Britain, amene mu 1975 anasanja nyimbo zambirimbiri pongoona ngati liwu lotsatira lakwera, latsika kapena labwereza pomwepo. Ine zilembo zake ndinazisandutsa K, T ndi B. Nyimbo ziwiri zikakhala ndi mzere wofanana, ndimati ndi pachibale.

Lolemba madzulo ndinatulutsa kiyibodi pakhonde, agogo ali pamphasa akusankha mpunga palichero. Ndinaimba nyimbo ina yomwe amaikonda, ndikuyambira pa C. Kenako ndinaikweza yonse kuyambira pa F, zala zikugunda makiyi ena. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Wabwerezanso yomweyo, mdzukulu wanga? Kulibe ina?"

Ndinakondwa, chifukwa kabuku kanavomerezana nawo. Ndi zimene zimachitikanso kutchalitchi woyambitsa nyimbo akayambira pamwamba kwambiri: amayi amadandaula kukhosi, koma palibe amene amati ndi nyimbo yachilendo. Khutu limagwira kukwera ndi kutsika kwake, osati pamene yayambira. Mwinanso ife tinazolowera kale, poti mtengo wa mango ndi mtengo wa sopo timazisiyanitsa ndi kamvekedwe basi.

Lachitatu ndi pamene zinandivuta. Manotsi ndinawasiya momwemo, limodzi ndi limodzi, koma ndinafupikitsa aatali, kuthamangitsa liwiro n'kuyatsa ng'oma ya mu kiyibodimo. Pa pepala mzere wa K, T ndi B sunasinthe ngakhale chilembo chimodzi. Agogo anaika lichero pansi.

"Zakumowazi uzikaimbira kwina. Bwezera ya Mulungu ija."

Ndinayesa kuwauza kuti ndi yomweyo, Agogo, tamverani bwino. Anakana kwamtuwagalu. Mchemwali wanga, amene amaimba alto ndipo sol-fa amaidziwa kundiposa, anaizindikira, koma mpaka titafika pakolasi. Ndiye muyeso wanga ukuti ndi nyimbo imodzi, makutu a agogo akuti ayi. Ndaona kuti wolakwa ndi kabuku, chifukwa sikalemba kutalika kwa liwu kapena pamene phazi limagunda pansi.

Foni nayonso ndinaiyesa mwachidule. Shazam, pulogalamu yozindikira nyimbo, inalephera nditang'ung'udza, poti imafananiza mawu a nyimbo yojambulidwa kale, osati chuni. Google, imene inayamba kulandira kung'ung'udza mu 2020, ndiyo imatsata chunicho, n'kupereka maperesenti a kufanana.

Sabata yamawa ndiwonjezera kadontho pa liwu lalifupi ndi kamzere pa lalitali, ndiyambirenso kulemba nyimbo khumi zoyamba. Agogo avomera kudzamveranso Loweruka, bola ndiwagulire shuga ndipo ng'omayo isalire.