Marsai Martin ndi dolo

Abale, Marsai Martin, mtsikana wosewera mafilimu wa ku America, ndi dolo olo wina akane. Anabadwa mu 2004 ku Texas, ndiye 2014 walowa kale mu sewero la pa TV la Black-ish ngati Diane, kamtsikana ka magalasi kaja komayang'ana munthu ngati ali nako ngongole kkkk. Koma chimandibalalitsa ine ndi ichi, ali ndi zaka 10 zokha anauza mabwana kuti ndili ndi maganizo a filimu, iwo nkumumveradi, mpaka Little inatuluka mu 2019 akusewera ndi Regina Hall ndi Issa Rae, iyeyo ali executive producer, mmodzi mwa mabwana opanga filimuyo, pa zaka 14 basi! Guinness World Records inamulemba kuti ndiye executive producer wamng'ono kwambiri ku Hollywood. Panopa ali ndi kampani yakeyake yopanga mafilimu, mwana wa dzulodzuloyu.