Mabawuti khumi a hedi ya Sienta yanga

Sienta yanga inabwata pa chikwera chopita ku Namwera, nditanyamula anthu odzaza ndi matumba awiri a usipa kumbuyo. Amene mumayenda msewu umenewu mu Okutobala mukulidziwa dzuwa la kuno ku Mangochi. Nditasolola kandodo koonera oyilo ndinapeza wasanduka ngati tiyi wa mkaka. Gasiketi ya hedi, imene imatseka pakati pa hedi (mbali ya pamwamba ya injini) ndi buloko (thunthu la injiniyo) kuti madzi ndi oyilo zisasakanikirane, inali itapsa.

Makaniko woyamba sanachedwe nayo. Anaika gasiketi yatsopano, nalowetsa paipi yaitali ku sipanala, n'kumakoka bawuti iliyonse mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera. Nditafunsa ngati kumangako kuli ndi muyeso, anaseka. "Bwana, dzanja langa limadziwa." Patangotha masabata atatu madzi anayambanso kuchepa mu rediyeta, chonsecho pansi sipakudontha kanthu.

Ulendo wachiwiri ndinapita kwa bambo ena achikulire amene amagwirira ntchito pansi pa mtengo wa mango. Iwowa anandiuza zoona zokhazokha: "Achimwene, torque wrench ndili nayo, koma buku la injini yanuyi ndilibe. Mundibweretsere manambala, ine ndimanga." Torque wrench ndi sipanala yoyeza mphamvu yomangira bawuti, imene imalira mukafika pa nambala imene mwatchera. Ndiye ndinayamba kusaka manambalawo.

Poyamba ndinalakwitsa. Ndinalemba dzina la galimoto pa foni, ndipo zimene zinabwera zinali zosakanikirana. Muyeso wa bawuti umatsatira injini, osati dzina lolembedwa kumbuyo kwa galimoto. Probox imene mumaiona pa siteji, mwachitsanzo, ina ili ndi injini ya 1NZ-FE, ina 2NZ-FE, ina ndi ya dizilo, koma kunja zonse n'zofanana. Choncho ndinafufuza kambale kachitsulo ka fakitale kamene kali pa thupi la galimoto, pomwe pali nambala ya chesesi, ndipo pa mzere wa injini panalembedwa 1NZ-FE. Sindinakhutire ndi kambaleko kokha, poti magalimoto athu ambiri anasinthidwapo injini. Tinapukuta girisi pa buloko ndi kansanza mpaka zilembo zodinda zinaoneka. Zinagwirizana.

Nditalemba nambala ya injiniyo pa intaneti, mutu unayamba kuzungulira. Wina akuti 22, wina 29, wina 300. Ndinangotsala pang'ono kusankha yapakati ngati tikugawana nsomba padoko. Chinandipulumutsa ndi tsamba la buku lokonzera magalimoto la Toyota lenilenilo, limene ndinalipeza nditatha bandulo yonse. Pamenepo manambala atatu aja anali pa mzere umodzi: 29 N·m, 300 kgf·cm, 22 ft·lbf. Mphamvu ndi imodzimodzi, miyeso yake ndiyo yosiyana, monga mmene chimanga chomwecho wina amawerengera ndowa wina makilogalamu. Ft·lbf imodzi ndi pafupifupi 1.36 N·m, ndiye 22 kuchulukitsa ndi 1.36 ikukufikitsani pa 29 ndi kakusefukira. Wolemba nambala popanda kutchula muyeso wake musamukhulupirire, ngakhale alembe mwamatama bwanji.

Izi si nkhani ya masamu chabe. Torque wrench ya bambo aja ili ndi manambala mbali ziwiri, N·m uku, ft·lbf uko, ndipo mbali inayo inafufutika ndi ukalamba. Mukatchera 22 kumbali ya N·m, mwamanga mosakwanira. Mukatchera 29 kumbali inayo, mwapyola.

Koma chimene chinandidabwitsa kwambiri n'chakuti 29 N·m ndi mphamvu yochepa zedi, mwana wa sukulu akhoza kuikwanitsa. Ndinadzifunsa kuti hedi yonseyi ingagwire ndi zimenezi? Yankho linali m'munsi mwa tsambalo. Mukafika pa 29, ntchito sinathe. Bawuti iliyonse mumaizunguzanso madigiri 90, mukamaliza onse khumi n'kubwerezanso madigiri 90 ena. Mabawuti amenewa anapangidwa kuti azitamuka pang'ono, ngati mphira imene akabaza amamangira katundu, ndipo kutamukako ndi kumene kumapanikiza gasiketi mofanana ponseponse. Torque wrench imangomva kulimba kwa pozungulira, ndipo dzimbiri kapena mazinga ouma zikhoza kuinamiza. Kuwerenga madigiri sikunama choncho. Nanga dzanja la munthu ndi paipi zingadziwe bwanji zonsezi? Buloko ndi hedi za injini imeneyi n'za aluminiyamu, chitsulo chofewa, si zija za injini zakale za dizilo zimene mumakoka mpaka thukuta osaona vuto.

Hedi tinakaipalitsa kaye chifukwa inali itapindika ndi kutentha. Mabawuti ndinagula atsopano. Titaika yakale pambali pa yatsopano, ziwiri mwa zakalezo zinali zitaonda m'chiuno, umboni wa paipi ija.

Tsiku lomanga, bambo aja anayamba ndi maenje a mabawuti mu buloko. Anakulunga kansalu pa waya n'kumatulutsa madzi ndi oyilo wakuda m'dzenje lililonse, kenako kupopamo mpweya ndi pampu ya njinga. Anati madzi akatsalira pansi, bawuti imakhala pa madziwo, torque wrench n'kulira isanagwire, mwinanso buloko kung'aluka. Atatero anapaka oyilo wa injini pang'ono m'mazinga ndi kunsi kwa mutu wa bawuti iliyonse, monga bukulo likunenera. Pang'ono pokha, osati kuviika.

Ine ntchito yanga inali kugwira foni ndi kuwerenga chithunzi cha ndondomeko. Kumanga kumayambira pa mabawuti apakati, kupita chakunja mopingasa, ndipo sumafika pa 29 kamodzin'kamodzi, umazungulira kangapo. Pomasula ndiye umayambira kunja. Torque wrench ikangoti "tha", umasiya pomwepo. Mnyamata wawo anafuna kuwonjezera kachiwiri kuti atsimikize, bambowo n'kumumenya kadzanja. "Yalira kale, ukufuna ikuyimbire nyimbo?"

Choyezera madigiri tinalibe. Bukulo likuti ika chizindikiro cha penti pa mutu wa bawuti, mbali yoloza kutsogolo kwa injini. Penti panalibe, ndiye ndinathamanga kunyumba kukatenga kabotolo kofiira ka mayi a kunyumba kopaka m'zikhadabo, nkhani imene sinatheretu mpaka lero. Timadontho khumi tofiira, tonse toloza kutsogolo. Ulendo woyamba tonse tinaloza cham'mbali. Wachiwiri tonse tinatembenukira kumbuyo, madigiri 180. Pa ulendo wachiwiriwu ndi pamene mkono umamva kulemera, komabe timadonthoto tinatithandiza kuona kuti palibe bawuti yodumphidwa kapena yozunguzidwa kawiri, poti pakati pa ntchito panabwera munthu wa njinga yamoto kudzasokoneza ndi nkhani za tcheni.

Zotsalazo zinayenda msanga. Timabawuti ta chivindikiro cha pamwamba ndi 10 N·m basi, mapulagi 18 N·m. Timeneti ndi timene anthu amathyola kawirikawiri poganiza kuti kulimbitsa kumaletsa oyilo kudontha. Pomaliza bambo aja anabweza torque wrench pa nambala yotsika asanaiike m'bokosi, kuti sipuling'i yake isatope.

Loweruka lotsatira ndinawoloka mlatho wa Bakili Muluzi n'kukwera ku Namwera masana dzuwa lili pamutu, diso lili pa geji ya kutentha njira yonse. Nditafika ndinadikira injini izizire ndisanatsegule rediyeta. Madzi anali pomwe ndinawasiya. Manambala aja ndinawalemba pa chikuto cha kope la mwana wanga, ndipo bambo aja anang'amba theka n'kukhomera pa mtengo wa mango, poti Lolemba kunali kubwera Probox ya injini yomweyo.