Galimoto imene inadya kanyenya

M'chaka cha 2011, pamene mafuta a galimoto anasowa m'dziko muno mpaka anthu kumagona pamzere kumalo omwetsera mafuta, ine ndinali ndi pikapu yakale ya dizilo imene ndinkanyamulira thonje, mbuzi ndi anthu pakati pa Bangula, Ngabu ndi Nchalo. Galimotoyo inali yokalamba ndithu, moti chitseko cha kumanzere ndinkachimanga ndi chingwe, koma injini yake inali yokhulupirika ndipo ndiyo inkadyetsa banja langa. Chimene chinkandidwalitsa mutu chinali chakuti dizilo ankapezeka kwa anyamata a zigubu okha, amene ankayamba akuyang'ana nsapato zimene wavala asanakuuze mtengo, ndipo madzulo alionse ndikamawerenga ndalama ndinkapeza kuti tsiku lonse ndakhala ndikugwirira ntchito iwowo.

Nzeru inabwera ndi muphwa wanga, mwana wa mlongo wanga, amene anabwera kudzacheza kuchokera kusukulu ya zaumisiri. Titakhala pansi pa mtengo wa nimu madzulo ena, iye anati, "Malume, kodi mukudziwa kuti injini ngati yanuyi ikhoza kuyendera mafuta ophikira?" Anandifotokozera kuti dzina lakuti dizilo linachokera kwa Rudolf Diesel, Mjeremani amene anapanga injini ya mtundu umenewu, ndi kuti m'chaka cha 1900, pa chionetsero chachikulu cha ku Paris, injini yotere inayendetsedwa ndi mafuta a mtedza anthu akuona. Anatinso ku Ulaya ndi ku America kuli anthu amene amatolera mafuta otsala m'malo odyera, n'kumayendera pafupifupi ulere. Kenaka mnyamatayo anapitiriza kunena zambiri, zakuti mafuta ophikira ndi onanda pafupifupi kakhumi kuposa dizilo, zakuti amafunika kutenthetsedwa asanafike ku injini, zakuti anthuwo amaika thanki yachiwiri kuti azilizira ndi kuzimitsira galimoto pa dizilo weniweni, ndiponso zakuti mafutawo amayenera kusefedwa bwino ndi kuchotsedwa madzi. Zonsezi ndikuzikumbukira lero, koma tsiku limenelo makutu anga anagwira mawu awiri okha, mtedza ndi ulere, ndipo pamene iye ankafotokoza za thanki yachiwiri ine n'kuti ndikuwerenga mumtima malata a nyumba yatsopano.

Amene sanafunefunepo mafuta otsala m'chigwa cha Shire sangadziwe kuti munthu wa chiwaya sataya mafuta. Amakazingira omwewo lero, mawa ndi mkuja, akumangothiramo atsopano pang'ono pamwamba, kufikira atada ngati madzi a m'chithaphwi. Chotero amene ndinkapeza anali a pansi penipeni, amene ngakhale mwini wake wayamba kuchita nawo manyazi. Ndinkatenga kwa anyamata a chipisi pa Nchalo, kwa amayi okazinga milamba pa Bangula, ndiponso, poti chigubu chinkachedwa kudzaza, kwa anyamata a kanyenya pa Ngabu, amene chiwaya chawo chimasambira m'mafuta a mbuzi. Mayi wina wa nsomba anandiitanira pambali n'kundifunsa motsitsa mawu kuti sing'anga amene wandituma zimenezi ndi wa kuti, chifukwa nayenso malonda ake sankayenda bwino.

Posefa ndinagwiritsa ntchito chitenje cha mayi a kunyumba, chimene ndinachipeza pachingwe ndipo m'maso mwanga chinkaoneka chakale. Ndinachimanga pakamwa pa ndowa n'kuthirapo mafutawo dzuwa lili paliwombo, ndipo zimene zinatsala pamwamba pake zikanakwana ndiwo za mwana wasukulu: zinyenyeswa za mbatata, minga ya nsomba, njere za tsabola, ntchentche zingapo zokazingika bwino ndi kachitsekero ka botolo. Mayi atabwera kuchokera kumunda anachiyang'ana chitenjecho nthawi yaitali, n'kungonena kuti, "Bambo, chimenechi ndinavala pa ukwati wa mng'ono wanga." Ndinawalonjeza zitenje zitatu zochokera pa ndalama zimene tinali pafupi kupulumutsa.

Tsono choipa kwambiri pa nkhani yonseyi n'chakuti zinatheka. Poyamba ndinasakaniza theka dizilo, theka mafuta anga, ndipo galimoto inalira bwinobwino. Sabata yotsatira ndinachepetsa dizilo, yotsatiranso ndinachepetsanso, mpaka pofika kumapeto kwa Meyi dizilo ndinkangothiramo ngati mchere. Injini zakale za mtundu umenewu zimapirira zinthu zambiri zimene zamakono zoyendera kompyuta sizingalole, ndipo dzuwa la kwathu kuno, limene limafewetsa phula pamsewu, linkasungunula mafutawo m'thanki mwakuti ankayenda m'mapaipi ngati tiyi. Ntchito ya thanki yachiwiri ija dzuwa linkandigwirira kwaulere, koma ulemu wonse ndinkalandira ndine.

Chovuta chinali fungo lokha. Utsi wa ku ekizozi unkanunkhira chipisi, nthawi zina nsomba, malinga ndi chigubu chimene ndathira tsikulo. Ndikaima pa siteji agalu ankasonkhana kumbuyo kwa galimoto n'kukhala pansi mwaulemu, ana ankasuzumira m'bodi kufuna kuona pamene pali chiwaya, ndipo okwera ankayamba kudandaula njala tisanafike n'komwe pa Sorgin. Tsiku limene ndinathira chigubu cha pa Ngabu ndinali nditanyamula mbuzi zisanu, ndipo ulendo wonse sizinalire ngakhale kamodzi, mwina chifukwa zinazindikira fungo la abale awo. Anzanga a matola anayamba kunditcha injiniya, ndipo ine sindinakane dzinalo. Akuluakulu amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma ine mwambi umenewo ndinkauona ngati wonena za mbuzi.

Kumapeto kwa Juni kunali chinkhoswe cha mlamu wanga ku Blantyre, ndipo poti mabasi ankavuta chifukwa cha mafuta omwewo, ndinadzipereka pamaso pa banja lonse kuti ndinyamula aliyense popanda kulipira. Apongozi anga aamuna, munthu wa mawu ochepa amene chikwatire mwana wawo sindinawaonepo mano, anakhala kutsogolo atavala suti, pamene amayi, ankhoswe, madengu ndi mbuzi ya mphatso anali m'bodi. Tinadutsa pa Dyeratu, tinawoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, ndipo titapitirira pa Thabwa tinayamba kukwera chitunda chokhotakhota chija. Injini inali itatentha, choncho inakwera ndithu ngakhale inkatsokomola m'makona, ndipo ine ndinapezerapo mpata wowaphunzitsa apongozi za Rudolf Diesel, za Paris ndi za mtedza, kuyambira pansi pa phiri mpaka pamwamba. Iwo anamvetsera osatembenuka, ndipo nditamaliza anangoti, "Tamva, bambo."

Tinagona ku Bangwe kwa azakhali awo a mayi a kunyumba, ndipo mwambo unali woti uyambe m'mawa ku Chilomoni, mbali ina ya mzinda. Usiku umenewo kunagwa chiperoni. Munthu wa m'chigwa amaiwala kuti kumtunda kumazizira chotani, moti ine ndinagona nditavala jekete ndi nsapato, koma sindinaganizeko n'kamodzi komwe za galimoto imene inali panja pa nkhungu, ndi ndiwo zake m'mimba.

Kutacha anthu onse anakwera atavala zapamwamba, ndipo ine ndinapotoza kiyi. Injini inazungulira, koma sinalire. Ndinapotozanso kachiwiri, kachitatu, kakhumi, kufikira batire inayamba kubuula ngati nkhalamba yodwala n'kukhala chete. Ndinalengeza molimba mtima kuti ndi kuzizira chabe, ndipo poti nyumbayo ili pamtunda, ndinapempha amuna kuti atsike akankhe. Ankhoswe awiri a masuti ndi anyamata a m'makomo oyandikana anakankha, galimoto inatsetsereka, ine ndinaponya giya n'kusiya kalachi, ndipo inagwedezeka mwamphamvu mpaka mbuzi inagwera m'dengu la mpunga, koma kulira ayi. Tinayesa katatu, ndipo chimene tinapindula n'chakuti galimoto imene inafera pakhomo pa achibale tsopano inafera kumunsi kwa chitunda, pafupi ndi pampopi pamene amayi a dera lonselo ankatunga madzi.

Anaitana makaniko, mnyamata wamng'ono wovala ovolosi yong'ambika m'mawondo. Anandifunsa ngati m'thanki muli mafuta, ine ndinati ndi yodzaza. Anandifunsa kumene ndinamwetsa, ine ndinati kumudzi. Pamenepo anamasula fyuluta ya mafuta n'kuitembenuza kuti akhuthule zamkati, koma simunatuluke kanthu. Anaigwedeza, anaigogoda pa bampala, kenaka analowetsamo chala n'kutulutsa chinthu choyera, cholimba ngati mafuta amene amagwirana pamwamba pa nyama yogona mumphika. Anachinunkhiza, n'kundiyang'ana, n'kuchinunkhizanso.

"Bwana, galimoto imeneyi mumaiphikira?"

Ndinayamba kufotokoza za Paris, koma mawu anga anali atachepa kusiyana ndi dzulo lake. Mnyamatayo, amene za Paris sizinkamukhudza, anandiuza kuti mafuta ophikira akazizira amalimba, koma a nyama amaundana kumene, ndipo kuyambira m'thanki, m'mapaipi mpaka pa pampu munali mmenemo mokhamokha. Apongozi, amene nthawi yonseyi anali atakhalabe kutsogolo manja ali pamawondo, anamasula chingwe cha chitseko, anatsika, anavala magalasi, n'kuwerama kuyang'ana chala cha makaniko. Ataona mokwanira anaweramuka n'kunena mofatsa kuti, "Mbuzi imeneyi inali yonona." Amayi a pampopi anaseka mpaka wina anagwetsa ndowa.

Ine ndinapereka maganizo akuti tiike mbaula pansi pa thanki kuti mafutawo asungunuke msanga, koma makaniko anandifunsa ngati tabwerera chinkhoswe kapena maliro. M'malo mwake analamula madzi otentha, ndipo nyumba zitatu zinasonkha moto. Maketulo ndi mapoto ankatsika chitunda motsatana, atanyamulidwa ndi amayi ovala zitenje zofanana za chinkhoswe, ndipo madziwo ankathiridwa pa thanki ndi pa mapaipi ngati tikusambitsa wodwala. Mafuta atafewa tinawakhuthulira m'mabeseni a azakhali, mmene anayambanso kugwirana ife tikuona. Kenaka ndinayenda wapansi kukafuna fyuluta yatsopano, batire yobwereka ndi dizilo, amene ndinam'peza kwa anyamata a zigubu a m'tauni, ndipo awa sanayang'ane nsapato zokha, anayang'ananso tayi ndi thukuta langa. Makaniko anapopa pampu mpaka dzanja kutopa, ndipo dzuwa litapendeka galimoto inalira, n'kutulutsa chiutsi chimene chinanunkhiritsa Bangwe yense ngati msika wa pa Ngabu tsiku la malipiro.

Ku Chilomoni tinapeza akuchikazi atadikira mpaka nyimbo zonse zitawathera, ndipo ankhoswe awo anatitchaja chindapusa cha kuchedwa, chimene ankhoswe athu anandiyang'ana nacho ine osalankhula. Tisanatsike n'komwe, ana a pamwambopo anathamangira galimoto atanyamula mbale, poganiza kuti kwafika anthu a zakudya. Mayi a kunyumba sanandilankhule tsiku lonse, ndipo pobwerera, titatsika chitunda n'kuyamba kumva kutentha kwa kwathu pa Thabwa, anagogoda pa galasi la kumbuyo n'kundifunsa mokweza, anthu onse akumva, ngati zitenje zitatu zija zili m'thanki kapena m'mabeseni a azakhali.

Patapita milungu iwiri injini inayamba kufuka ndi kuchepa mphamvu, ndipo makaniko wa pa Nchalo anapeza manozo, tizitsulo timene timapopera mafuta m'injini, atamatidwa ndi mwaye wolimba, nawonso n'kufuna ndalama. Nditawonkhetsa za manozo, za fyuluta, za dizilo wa m'tauni, za chindapusa, za mabeseni awiri ndi za chitenje, ndinatseka kope n'kulibisa pansi pa matiresi. Muphwa wanga ndinamuimbira foni kuti ndimukalipire, koma iye anangoti, "Malume, paja ndinanena za thanki yachiwiri," ndipo ine ndinanamizira kuti netiweki yavuta.

Pikapu ija ndinadzaigulitsa patapita zaka zingapo, koma apongozi sanaiiwale. Mpaka lero ndikapita kukawaona, amandilandira mwaulemu, amafunsa za ana, za mvula ndi za thonje, kenaka amasuzumira panja pamene ndaimika njinga yamoto imene ndimayendera masiku ano, n'kuitana apongozi aakazi kuti, "Mayi, alendowa muwapatse madzi, ndipo mufunse ngati inzawoyo yadya."