Bilu ya madzi ikakwera pa puloti ya mita imodzi

Pa puloti pamene pali nyumba zinayi kapena zisanu za lendi koma mita ya madzi ndi imodzi, tsiku lobwera bilu moni amavuta. Wina amaloza mayi wa ana ambiri kuti amachapa tsiku ndi tsiku, wina amaloza mnyamata wa kuseri amene amatsukira njinga yake ya kabaza pa mpopi. Ine bilu ikadumpha anthu ndimawasiya kaye. Ndimayamba ndi pepala la bilulo, kenako mita, kenako mapaipi, chifukwa nthawi zambiri madzi amene tikukanganiranawo palibe amene anawatunga.

Pa pepalapo ndimayang'ana zinthu zitatu. Choyamba ndi ngongole yakale. Ndalama yolembedwa pansi penipeni imaphatikiza zotsalira za miyezi yam'mbuyo, ndipo akaunti imakhala m'dzina la eni puloti, choncho ngongole ya munthu amene anasamuka chaka chatha ikhoza kukhala momwemo osaoneka. Ndimaichotsa kuti nditsale ndi za mwezi uno zokha. Chachiwiri ndi masiku: bilu ya masiku 40 siyingafanane ndi ya masiku 28. Chachitatu ndi manambala awiri a mita, akale ndi atsopano. Atsopanowo ndimawakopera padzanja n'kupita nawo pa mita. Ngati a pa mita ali pansi pa amene alembedwa pa bilu, ndiye kuti mita sinawerengedwe, anangoyerekeza. Zimenezi zimachitika geti ikakhala yokhoma, galu ali panja, kapena mita itakwiririka ndi dothi. Pamenepo ndimajambula mitayo ndi foni, nambala yake ya pachivindikiro ionekenso, n'kupita nazo ku ofesi ya bodi ya madzi ya dera langa kuti akakonze bilu. Ku Lilongwe ndi Lilongwe Water Board, ku Blantyre ndi Blantyre Water Board, ku Mzuzu ndi Northern Region Water Board, ndipo matauni ena a pakati ndi kum'mwera ali ndi mabodi awo a zigawo.

Ngati manambala akugwirizana, madziwo anadutsadi pa mita, ndipo funso latsala ndi lakuti anapita kuti.

Mita ili ndi manambala akuda ndi ofiira. Akuda ndi mayunitsi amene amalembedwa pa bilu ndi chizindikiro cha m³. Yuniti imodzi ndi malita 1,000, kapena tinene zigubu 50 za malita 20. Ofiira amawerenga malita osakwana yuniti, ndipo pa mita zina amakhala ngati timawotchi ta mivi yofiira. Pakati pamakhala kagudumu kakang'ono, kena kooneka ngati nyenyezi, kamene kamazungulira ngakhale madzi akudutsa pang'ono chabe. Ndimapempha nyumba zonse kuti zitseke mipopi kwa mphindi 15, pasapezeke wogejemula chimbudzi, ndiye ndimagwada n'kukayang'anitsitsa kagudumuko. Kakamayenda, penapake pakutayika madzi.

Kutayika kwina n'kochepa moti masana sikuoneka, ndiye ndimayesa usiku. Ndimalemba manambala onse, akuda ndi ofiira, cha m'ma 10 koloko anthu atagona, n'kukawerenganso 6 koloko m'mawa wina asanatunge a phala. Anzanga ndimawauziratu madzulo kuti atungiretu ndowa ya kuchimbudzi. Tiyerekeze kuti usiku inali 412 ndi ofiira 350, m'mawa yafika 412 ndi ofiira 590. Apita malita 240 m'maola 8, kutanthauza malita 30 pa ola, 720 pa tsiku, ndipo pa mwezi ndi malita 21,600. Amenewo ndi mayunitsi oposa 21 amene palibe anasambira kapena kuphikira. Choipanso n'chakuti mtengo wa madzi umakwera m'magawo: mayunitsi oyambirira ndi otsikirako, opitirira pamenepo amadula. Puloti ya mabanja asanu imakhala ili kale m'gawo lodula, ndiye dontho lililonse lotayika limalipidwa pa mtengo wapamwambawo. Kuyesa kumeneku kumafuna usiku umene madzi alipo. Akakhala kuti anasiya, ndimadikira tsiku lina.

Ndikatsimikiza kuti akutayika, ndimasaka nyumba ndi nyumba. Ngati nyumba iliyonse ili ndi valavu yake panja, ndimatseka imodzi, kupita kukaona kagudumu, kubwerera, kutsegula, kutseka ina. Nyumba imene ndikaitseka kagudumu kaima, vuto lili mmenemo. Ndikatseka zonse koma kakuyendabe, paipi yabooka pansi pakati pa mita ndi nyumbazo. Mapuloti ambiri a lendi alibe mavalavu otere, omanga anangolumikiza paipi imodzi kuchoka pa mita mpaka kuseri, ndiye pamafunika kulowa m'nyumba za eni ndi "odi" wabwino.

Malo oyamba kuwakayikira ndi chimbudzi chogejemula. Mpopi ukamadontha aliyense amaumva, koma thanki ya chimbudzi imataya madzi mwakachetechete, molunjika m'dzenje, usana ndi usiku. Ndimavundukula chivindikiro cha thanki. Mkatimo muli mpira woyandama umene umatseka madzi thanki ikadzaza, ndi paipi yotayira madzi osefukira. Madzi ayenera kuima pafupifupi masentimita 2 pansi pa kamwa ya paipi imeneyo. Ngati afika pakamwa n'kumalowamo, valavu yolowetsa madzi sikutseka. Ndikakweza mkono wa mpira ndi chala madzi n'kusiya, vuto ndi msinkhu chabe: mkono wachitsulo ndimaupinda pang'ono kuloza pansi, wapulasitiki uli ndi sikuluwu yosinthira. Ndikakweza koma akulowabe, ndiye kuti kamphira ka m'valavu kadyeka kapena mwalowa mchenga. Mchenga umenewu umabwera ndi madzi oyamba akakhala kuti anasiya kwa maola angapo, n'chifukwa chake zimbudzi zambiri zimayamba kuvuta madzi akangobwerera. Ndimatseka kavalavu ka pansi pa thanki, kumasula mutu wa valavu, kutsuka, ndipo kamphira kakakhala kophwanyika ndimapita nako ku hadiweya kuti andipatse kofanana nako. Kufotokoza ndi manja kumabweretsa chinthu cholakwika.

Ngati msinkhu wa madzi uli bwino, ndimathira tiyi wakuda wopanda mkaka m'thanki n'kudikira theka la ola osagejemula. Madzi a m'mbale ya chimbudzi akasintha mtundu, mphira ya pansi pa thanki yalimba kapena yapindika, ndipo yofunika kusintha. Pamene tikudikira alandilodi, kavalavu ka pansi kaja kamakhala kotseka, timatsegula pofuna kudzaza thanki basi.

Mpopi wodontha ndimauyeza m'malo moungoyang'ana. Ndimatchera kapu kwa mphindi 10, madziwo ndikuchulukitsa ka 144, popeza tsiku lili ndi zigawo 144 za mphindi khumikhumi. Kapu ikalandira theka la botolo la 300 ml, ndi malita oposa 21 pa tsiku, chigubu chathunthu. Kumanga mpopi ndi lekeni kumangosamutsa dontho, ndipo kuukanikiza ndi mphamvu potseka ndi kumene kumadula msanga washa, kamphira ka mkati kotseka madzi. Kukonza kwake ndimatseka valavu ya pa mita, kutsegula mpopiwo kuti madzi otsala atuluke, kuchotsa chogwirira, kenako kumasula mutu ndi sipanala. Dzanja linalo limagwira thupi la mpopi mwamphamvu, apo ayi mumapotokola paipi ya m'khoma n'kuyambitsa vuto loposa limene munali nalo. Pansi pa mutuwo pali washa, ndipo mipopi yambiri ya m'nyumba imalowa wa theka la inchi. Ndisanabwezere ndimapisa chala pamene washa amakhala. Pakakhala pokakala kapena pali mng'alu, washa watsopano satha mwezi, bola kugula mpopi wina. Mipopi yotseka ndi kupotokola kamodzi kokha ilibe washa wotere, mumasintha kachipangizo konse ka mkati. Pomanga mpopi watsopano ndimakulunga thread tape, katepi koyera koletsa kudontha, maulendo 10 kapena 12 motsata kumene mivi ya wotchi imayendera, mbali ya mpopi yolowa m'paipi italoza kwa ine. Mukakulunga mobwerera imafumuka yokha.

Pa nyumba ya giza ndimayang'ananso kapaipi kotulukira kunja kwa khoma kapena padenga. Kudontha pang'ono giza ikamatenthetsa n'kwachibadwa. Kakamatuluka ngati mkodzo wa mwana tsiku lonse, valavu yafa, ndipo pamenepo mukutaya madzi ndi mayunitsi a magetsi pamodzi. Zimenezo sindigwira, ndi za pulambala.

Paipi ya pansi imadziulula yokha m'chilimwe. Mu Okutobala, pabwalo ponse pali fumbi, mukaona kachigawo ka udzu wobiriwira kapena dothi lofewa motsata njira ya paipi, kumbani pamenepo. Khoma lonyowa m'munsi, penti ikufufuma n'kumayoyoka, ndi chizindikiro chomwecho. Mapaipi akale achitsulo amabooka m'malumikizano chifukwa cha dzimbiri, apulasitiki okwiriridwa pamwamba amadulidwa ndi khasu polambula kapena kuphwanyidwa ndi galimoto pa geti. Chofunika kudziwa apa ndi malire: kuchokera mumsewu kufika pa mita ndi za bodi ya madzi, mumangokanena. Kuchokera pa mita kulowa mkati ndi za eni puloti, ndipo madzi otayika kumeneko amalowa mu bilu yanu.

Pali kutayika kwina kopanda chobooka. Madzi akasiya masana, munthu amatsegula mpopi, amva mpweya wokha, n'kuusiya chotsegula. Madzi amabwera 2 koloko usiku n'kuyenderera mpaka kucha. Mpopi wotsegula bwino umadzaza chigubu m'mphindi ziwiri kapena zitatu, ndiye werengani nokha za maola anayi. Madzi akasowa ndimazungulira mipopi yonse ndisanagone, makamaka wa panja umene uli wa aliyense koma wopanda mwini.

Tsopano kwa alandilodi. Sindipita ndi mawu akuti bilu yakwera, chifukwa yankho lake limadziwika kale: mukuwononga madzi ndinu. Ndimatumiza uthenga wolemba, wokhala ndi zithunzi ziwiri za mita, cha usiku ndi cha m'mawa, wonena motere: "Mwaswera bwanji bambo. Usiku wathawu tinatseka mipopi yonse koma mita yayenda malita 240. Tapeza kuti thanki ya chimbudzi cha nyumba yapakati sikutseka. Kodi mutumiza pulambala wanu, kapena tipeze ife mudzachotsere pa lendi?" Funso lomalizalo ndi limene limagwira ntchito, chifukwa mayankho onse awiri amakonzetsa chimbudzi. Akasankha lachiwiri, ndimawatumizira mtengo wa zipangizo ndi wa ntchito ndisanagule kanthu, ndikudikira "chabwino" wolemba, wa pa WhatsApp ndi wokwanira. Malisiti ndimasunga, ndipo polipira lendi ndimalemba kuti ndachotsa zingati ndi chifukwa chake. Kudula lendi musanagwirizane, ngakhale mukhale olungama chotani, kumakusandutsani wangongole, ndipo mudzazimva pa dipoziti. Washa ndi thread tape ndimagula ndekha osavutitsa munthu. Paipi ya pansi, giza ndi thanki yosweka ndi katundu wa nyumba, ndimasiyira mwini wake.

Nkhani yovuta kuiyamba ndi ya madzi amene eni puloti akugwiritsa ntchito okha. Akamamanga nyumba ina kuseri, kuumba njerwa, kuthirira maziko ndi kupanga pulasitala zonse zimadutsa pa mita yomweyo. Ndimapempha mwaulemu kuti tiwerenge mita m'mawa amisiri asanayambe ndi madzulo akaweruka, kwa masiku atatu, tiyerekeze ndi masiku wamba. Kusiyana kwakeko kukhale gawo lawo. Chimodzimodzi ndi amene ali ndi dimba la masamba kapena amagulitsa madzi kwa a kunja kwa mpanda.

Pogawana bilu yotsalayo, ine ndimakonda kuwerenga mitu osati zitseko. Mbeta yokhala yokha, yochoka m'mawa n'kubwera usiku, siyingalipire mofanana ndi banja la anthu 7. Pa puloti ya anthu 14, bilu imagawidwa pa 14, banja lililonse n'kuchulukitsa ndi anthu ake. Ana a m'manja ena amawasiya, ena amati matewera ndiwo amatha madzi. Zimenezo mugwirizane kamodzi, zilembedwe m'kope, pamodzi ndi za mlendo wokhala kupitirira sabata ziwiri. Nyumba yokhala ndi bafa ndi chimbudzi cha mkati iwonjezereko kuposa otunga pa mpopi wa panja. Kumene mapaipi alola, kamita kakang'ono pa nyumba iliyonse kamathetsa mkangano wonsewu, ndipo mukaphatikiza timamita tonse n'kupeza kuti sitikufika pa mita yaikulu, mwadziwiratu kuti pansi pakudontha.

Ndalama zikasonkhedwa zisagone m'thumba la munthu. Ndimalipira tsiku lomwelo mwachindunji ku nambala ya akaunti ya madzi kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, uthenga wotsimikiza n'kuutumiza kwa onse. Mabanja ambiri amadzidzimuka madzi atadulidwa chonsecho mwezi uliwonse amapereka, ndalamazo zinkathera panjira, ndipo kulumikizanso kuli ndi chindapusa chake. Pa mita yogulira mayunitsi bilu kulibe, koma kuyesa kwa usiku kumagwira chimodzimodzi: lembani otsala pogona, muonenso podzuka.

Kope lomwelo ndimalembamo manambala a mita pa 1 mwezi uliwonse, komanso tsiku limene banja lalowa kapena kutuluka pa puloti, ndi chithunzi chake. Wosamuka pa 12 amalipira madzi a masiku 12 asanakweze katundu pa lole, ndipo wolowa amayambira pa nambala imene waiona ndi maso ake.