Turbo ya lole ndi jekete ya apongozi

Kutsika ndi mbatatesi kuchokera ku Angónia kupita ku Tete sikuvuta, galimoto imangotsetsereka yokha. Ntchito ili pobwerera. Mzinda wa Tete uli m'chigwa cha Zambezi pomwe Ulónguè, likulu la Angónia, ili pamwamba, mamita oposa 1,000, ndipo ine sindibwerera chimanjamanja: simenti, malata, feteleza wa anthu, zonse kumbuyo kwa pikapu.

Pampu ya dizilo ndinali nditaitsegulitsa kale kuti izithira mafuta ambiri. Mphamvu zinabwera pang'ono, koma utsi wakuda unachita kunyanya, moti apanjinga ankanditukwana ndikawadutsa. Amakanika anga a ku Moatize anati nkhani ndi mpweya. Dizilo wochuluka akasowa mpweya sapsa yense, amatuluka ngati mwaye. Turbo imazunguliridwa ndi utsi wa injini, kenako imakankhira mpweya wambiri mkati, ndiye yaikulupo pang'ono ikanathetsa vutolo.

Anandionetsa ziwiri. Ina inali yongoposa yangayo pang'ono, yatsopano, m'katoni. Ina inali chimphona chochotsedwa pa lole yomwe inagubuduzika, chotchipa ndi theka. Amakanika anagwedeza kachitsulo kapakati pa chimphonacho n'kunena kuti kakuseweraseweratu aka. Ine maso anali pa kukula, ndiye ndinagula chimphonacho. Munthu wopereka mametikali ake amafuna chinthu choti akachinyamula msana uzimva.

Turbo yaikulu ili ndi khalidwe lake. Injini yaing'ono ikamayenda pang'onopang'ono situlutsa utsi wokwanira kuizunguza, ndiye ukaponda moto pamakhala zii. Pa mlatho wa Samora Machel ndinapitidwa ndi mnyamata wa makala. Koma muvi woonetsa kuzungulira kwa injini ukangoyandikira 3,000, chinthucho chimadzuka ndi likhweru, mutu n'kumenya kumpando.

Loweruka lina ndinatenga apongozi aamuna, omwe ankachokera ku ukwati ku Tete atavala jekete yawo ya suti, ija imatuluka m'sutikesi pa zochitika zikuluzikulu zokha. Ine ndi iwo sitichulutsa mawu. Koma tsikuli kamwa inandiyabwa.

"Bambo, lero muona. Mapiri awa tiwadutsa musanamalize nthochi."

"Tiona, akamwini," anatero, akusenda nthochiyo.

Tikuyandikira pa Mussacama, pomwe msewu wa ku Ulónguè umapatukira kusiyana ndi wa ku Zóbuè, likhweru lija linasintha mawu. Ndinachotsa phazi pa moto, injini osatsika. Inkangokwera. Pagalasi ndinaona utsi woyera uli tolotolo, msewu wonse wabisika. Ndinaima pambali, ndinazimitsa, ndinazula kiyi. Injini inapitiriza kukuwa.

Injini ya dizilo sifuna moto wa mapulagi, imangofuna mpweya ndi chilichonse choyaka. Turbo yakutha ija inkatayira oyilo m'njira ya mpweya, injini n'kumamwa oyilo wake womwe. Kiyi amatseka dizilo, oyilo samudziwa. Izi ndikuzifotokoza bwino lero. Pa nthawiyo ndinangotembenukira kwa apongozi n'kuwaonetsa kiyi m'manja, ngati iwo ndiwo anali ndi yankho.

Anayang'ana kiyi, anayang'ana ine. "Nanga akuyendetsa ndani?"

Sanadikire yankho. Munthu amene amadandaula mawondo chaka chonse anatuluka pachitseko ngati gwape, nthochi ili m'manja. Amayi ogulitsa tomato anathawa kusiya malichero. Wina anayamba kufuula dzina la Yesu, wina akuti galimotoyi ndi yokhwimira, eni ake abwera kudzaitenga.

Ndinayesa nzeru yodziwika: giya yachisanu, buleki mwamphamvu, kusiya kilatchi kuti injini itsamwe. Kilatchi yanga, yomwe simenti inaidya kalekale, inangoterera n'kuwonjezera fungo lake pa utsiwo.

Anatipulumutsa ndi dalaivala wina wa lole amene ankadya kanyenya chapafupi. Anathamanga, anatsegula boneti, anazula paipi ya mpweya, akukuwa kuti tibweretse thabwa kapena chilichonse chotsekera. Thabwa pa Mussacama nthawi imeneyo linasowa. Chomwe chinali pafupi ndi jekete ija, apongozi ataivula chifukwa cha kutentha n'kuisiya pampando. Mkuluyo sanafunse mwini. Anaipinda n'kuikanikiza pakamwa pa turbo. Injini inameza dzanja limodzi la jeketeyo, inatsokomola kawiri, n'kuti zii.

Apongozi anabwerera pang'onopang'ono kuchokera kuseri kwa mulu wa makabichi. Dalaivala uja anawapatsa jekete yawo mwaulemu, ndi manja awiri. Dzanja lamanzere linali litatha mpaka m'chigongono, lotsalalo likudontha oyilo. Anaitembenuza uku ndi uku, anapisa m'thumba, anatulutsa kapepala ka nyimbo za ku ukwati kali bii.

Chapa, kapena kuti minibasi, ya ku Ulónguè itafika anakwera osanena kanthu. Atakhala pansi anatsegula windo.

"Akamwini, ndikawauze kuti chiyani kunyumba? Kuti mukubwera, kapena tikutumizireni ngolo?"