Mmene ndinawolokera mlatho wa Mackinac pa njinga yamoto

Mlatho wa Mackinac ndinayamba kuuopa ndisanauone n'komwe. Anzanga okwera njinga zamoto kuno ku South Bend, mzinda wa ku America, ankangoti, "Ukadzafika pa zitsulo paja udzadziwa wekha." Mlathowu uli kumpoto kwa chigawo cha Michigan, pomwe nyanja ya Michigan imakumana ndi ya Huron, ndipo kutalika kwake ndi makilomita 8, kuchokera ku Mackinaw City kukafika ku St. Ignace. Uli ndi njira zinayi, ziwiri zopita, ziwiri zobwerera. Pa chigawo chapakati, chopachikidwa pa zingwe chija, njira zam'mbali ndi zaphula, koma ziwiri zam'kati ndi zitsulo zolukanalukana ngati waya wowotcherapo nsomba. Ukaponya maso pansi umaona madzi, mamita pafupifupi 60 kunsi kwako.

Tinanyamuka awiri, ine ndi achimwene ena a kumpingo, kwawo ku Zomba, omwe anali atawolokapo kangapo. Tinatsata msewu wa US-31, kudutsa ku Petoskey, mpaka unatitula mu msewu waukulu wa I-75 pafupi ndi Mackinaw City. Mumtima ndinali nditakonza kale zoti ndikakamira njira yaphula, zitsulozo ndizingoziona chapambali. Koma zikwangwani zinatiuza zina: njira yakumanja, yaphula ija, inali yotseka, anthu akugwira ntchito pamlatho. M'nyengo yotentha izi zimachitika kawirikawiri, choncho amene akupita kumeneko asadalire phula.

Tinaima pomwetsera mafuta. Achimwenewo anandiuza kuti ndiyeze mpweya wa matayala, chifukwa tayala lophwa limasewera kwambiri pa zitsulo. Ndinamanganso chikwama cha kumbuyo kuti chisagwedere, n'kupukuta galasi la helemeti. Kenako anaima n'kuyang'ana mbendera za pamalopo kuti aone mphepo. Inali yochepa, yochokera kumadzulo, kutanthauza kuti ikatiwomba kumanzere.

"Achimwene, nanga ikayamba kuvina nditani?" ndinafunsa.

"Ivina ndithu, mphwanga. Isiyeni ivine. Paja munati njinga munaphunzirira ku Salima?"

"Eya, ku Senga Bay."

"Ndiye mwaiwala mchenga? Ndi zomwe zija."

Sindinawamvetse nthawi yomweyo. Tinakwera, iwo patsogolo.

Chigawo choyamba sichivuta. Umakwera pang'onopang'ono pa phula, nsanamira ziwiri zazikulu zonyamula zingwe, za mamita 168 kuchokera pamadzi, zikukula pamaso pako. Liwiro lololedwa ndi mamailosi 45 pa ola, omwe ndi makilomita pafupifupi 72, koma malole olemera amayenda mamailosi 20 basi. Ichi n'chofunika kuchidziwa, chifukwa njira ikakhala imodzi, ukhoza kupezeka uli kumbuyo kwa lole pa zitsulo pomwepo. Ndinasiya mpata waukulu pakati pa ine ndi achimwene aja, woti galimoto zinayi n'kulowapo, kuti ndisadzafune mabuleki mwadzidzidzi. Giya ndinasankhiratu ndili pa phula, yoti injini izikoka bwino popanda kusinthanso.

Kenako phula linatha. Choyamba kumva ndi phokoso, kulira kwa matayala ngati njuchi zadzaza mu helemeti. Chachiwiri ndi tayala lakutsogolo, lomwe linayamba kupita uku ndi uku ngati lasiya kumvera. Thupi limakuuza kuti ukugwa. Ndinachita zitatu zimene munthu sayenera kuchita: ndinafinya mahandulo mwamphamvu, ndinabweza mafuta, ndiponso ndinayang'ana pansi. Madzi anaoneka bwinobwino kudzera m'mabowo aja, ndipo njinga inayamba kugwedera kuposa poyamba, kugwedera kwake kukukwera m'mikono mpaka m'mapewa.

Apa mpamene mawu a mchenga aja anandifikira. Aliyense amene anayendetsapo njinga yamoto m'tinjira ta m'mphepete mwa nyanja akudziwa kuti mumchenga tayala lakutsogolo limasambira, ndipo ukalimbana nalo limakugwetsa. Umalisiya lipeze lokha njira, iwe n'kumangopatsa mafuta mosadukiza. Ndinapana thanki ndi mawondo, ndinagwetsa mapewa, ndinapinda zigongono, zala ndinazimasula mpaka kungokhala ngati ndagwira dzira. Maso ndinawachotsa pansi n'kuwaika pa nsanamira yachiwiri, kutali. Mafuta ndinabwezeretsa pang'ono pang'ono mpaka injini inayambanso kukoka.

Njinga sinasiye kuvina. Koma kuvina kwake kunachepa, kunasanduka kusuntha kwa masentimita ochepa, kumanzere, kumanja, n'kubwerera pakati yokha. Chimene chimachitika n'chakuti mizere ya tayala imagwira zitsulo zoyenda cham'litali, n'kufuna kutsata ichi, kenako icho. Njinga yoyenda imadziwongola yokha ngati mahandulo ali omasuka. Ukaumitsa mikono, kugwedera kwa kutsogolo kumadutsa mwa iwe n'kukafika ku njinga yonse. Amene ali ndi matayala a zigoba zikuluzikulu, a m'misewu yafumbi aja, amakumva kwambiri kuposa ife a matayala osalala.

Ndikuona kuti anthu amalakwitsa pouza mlendo kuti "ingoyenda pang'onopang'ono". Kukwawa kumawonjezera kugwedera, ndipo kumatalikitsa nthawi imene uli pa zitsulo. Chofunika ndi liwiro limodzi losasinthasintha. Titapeza lole chapakati pa mlatho, ndinayamba kubweza mafuta ndikadali kutali, n'kungokhudza buleki yakumbuyo ndi chala cha phazi. Yakutsogolo sindinaigwire mpaka nditatsika.

Mphepo inabwera kawiri, mwamphamvu, pafupi ndi nsanamira. Njinga inapendekera yokha kumanzere, ine n'kuilola. Zitsulo zomwe ndinkadana nazozi anaziika dala chifukwa cha mphepo yomweyi. Mu November 1940 mlatho wa Tacoma Narrows, m'chigawo cha Washington, unapotokola ndi mphepo mpaka kugwera m'madzi patangopita miyezi inayi chiutsegulireni. David Steinman, yemwe anajambula mapulani a Mackinac, anasiya mabowo pakati kuti mphepo izidutsa m'malo monyamula msewu. Mlathowu anautsegula pa 1 November 1957 ndipo uli chiimire. Kudziwa zimenezi kunandithandiza: phokoso lija ndinayamba kulimva ngati la chinthu chomwe chikugwira ntchito yake.

Pakati pa nsanamira ziwirizo pali mamita 1,158, koma zitsulo zimayamba usanafike pa yoyamba ndipo zimapitirira ukadutsa yachiwiri, choncho usapumire msanga. Zikatha, phokoso limangoduka, njinga n'kukhala bata ngati palibe chachitika. Malo olipirira ali mbali ya St. Ignace. Ndinavula golovesi, n'kutulutsa madola 4 omwe ndinaikiratu m'thumba lapachifuwa. Musaiwale kuikiratu ndalamazo pafupi, chifukwa zala zimakhala zisanabwerere m'malo mwake.

Titaima kutsidyako achimwene aja anandiyang'ana mikono. "Mwamasula liti?"

"Nditadutsa nsanamira yoyamba."

"Ndinaona pagalasi. Mawa mutsogole ndinu."

M'mawa mwake kunacha ndi mvula yowaza. Apa mpamene phunziro la mchenga limathera, chifukwa chitsulo chonyowa chimaterera kuposa phula lonyowa, ndipo manja omasuka sathandiza tayala lomwe lasowa pogwira ukaponda buleki. Tinakhala m'kanyumba kodyera mpaka cha m'ma 11 koloko, tikumwa khofi, tikuyang'ana mlatho ukutuluka mu nkhungu. Dzuwa litawala tinadikirabe theka la ola kuti zitsulo ziume. Njira zonse ziwiri zopita kummwera zinali zotsegula, ndipo ndikanatha kutsata phula. Ndinalowa yam'kati ndikadali pa phula, kuti ndisadzadumphe msoko wa phula ndi chitsulo njinga ili chopendekera, ndinasankha giya yachinayi, ndipo phokoso lija litayamba ndinayang'ana nsanamira ya kutsidya.