Sabata ya ziwengo ku OPD kwathu ku Mchinji

Sabata yathayi malungo anali ochepa, chifuwa ndi chimfine ndiye mbwee ndi kuzizira kwa Juniyu, koma amene sakundichoka mmutu ndi mayi wina anabwera Lachiwiri atadzikanda mikono mpaka kutuluka magazi. Miyezi 4 akuvutika, anadzola kale mankhwala a mphere, zofunda anaziviika mmadzi otentha poganiza kuti ndi nsikidzi, apongozi awo afika pomati pali munthu akuwawazira chitedze.

Ndinafunsa kuti amayi, zimatuluka nthawi yanji? "Adokotala, ndikangomasula chitenje mchiuno muno mumakhala mizere yotupa, pakatha ola yazimirira yokha." Basi ndinatenga chivindikiro cha bolopeni nkukhwatcha pang'ono pamkono pawo, tinadikira mphindi 5, mzere uja watukuka ngati awakwapula ndi kamtengo, iwo kungoti kakasi. Vutoli timalitcha dermographism. Khungu likakandidwa kapena kuthinidwa, tima cell tina totchedwa mast cells timatulutsa mankhwala a mthupi otchedwa histamine, timitsempha ta magazi timadontha madzi pansi pa khungu ndiye kutupa ndi kuyabwa kuja, ukamakanda ukungoonjezera. Sizipatsirana, ndipo izi ndinanena kawiri chifukwa mayiwa anali atasiya kugona ndi kamwana kawo pa mphasa imodzi, zinandikhudza kwambiri. Ndinawalembera mapiritsi ochepetsa kuyabwa a cetirizine 10mg kamodzi patsiku, Piriton ilipo koma imagonetsa ndipo iwo amakhala pamsika tsiku lonse kugulitsa tomato. Chitenje asamamange mothinitsa.

Lachitatu linali la ana a sikelo basi, mzere wautali.

Lachinayi kunabwera mnyamata wa kabaza, iyeyu ziwengo zimamutuluka kumaso ndi mmanja akapalasa mbandakucha mphepo ikuwomba. Ndinatenga ayisi, kumukulunga mu jumbo, kumuyika pamkono mphindi 5, titachotsa patapita mphindi 10 pamalopo patupa, kusonyeza kuti ziwengo zake zimayamba ndi kuzizira. Uyu ndiye ndinamukhazika pansi bwinobwino. Ndinati achimwene, osadzayerekeza kudumphira mu Bua kapena kudzithira ndowa ya madzi ozizira thupi lonse, mutha kukomoka mmadzimo, ndipo milomo kapena kukhosi kukadzatupa, kupuma kukamavuta, thamangirani kuno, pamenepo pamafunika jekeseni ya adrenaline msangamsanga. Valani jekete ndi magolovesi.

Lachisanu cetirizine anatha mu famase, ndamulembera mnyamatayo kuti akagule. Mayi aja ndawauza abwerenso Lolemba ndi buku lawo.